Mabwana a Mafilimu, Lekani Kutigulitsa Mkute

Ku Hollywood kuli kagulu ka anthu osadziwa kujambula ngakhale mchira wa mbewa, oti chibadwire sadaseketsepo munthu, koma ndi amene amalamula zoti ana a dziko lonse lapansi aonere chaka chino ndi chaka chamawa. Ndikunena mabwana a makampani a mafilimu, aja amawerengera phindu nkhani ya filimuyo isanalembedwe n'komwe.

Anthu amenewa adatulukira njira yolemerera osatuluka thukuta. Amatenga katuni yomwe idatiseketsa zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, n'kuisukulutsa utoto, n'kuichotsa nthabwala, n'kuiveka ubweya wa pa kompyuta, kenaka n'kutiitana kuti tidzalipirenso pakhomo. Ati filimu yatsopano. Kwathu chakudya chotere dzina lake ndi mkute, ndipo mayi wodzilemekeza sapatsa mlendo mkute n'kumuuza kuti wangophula kumene.

Tawerengani nokha. Cinderella mu 2015, The Jungle Book mu 2016, Beauty and the Beast mu 2017. M'chaka cha 2019 chokha adatulutsa Dumbo, Aladdin ndi The Lion King motsatizana. Kenaka Mulan, Pinocchio, The Little Mermaid, ndipo mu 2025 Snow White ndi Lilo & Stitch. Onsewa ndi a kampani imodzi. Oyandikana nawo a DreamWorks ataona kuti malondawa akuyenda, nawonso adabwereza How to Train Your Dragon, katuni ya 2010.

Kodi kudagwa mliri wopha olemba nkhani okhaokha? Kapena nthano zidatha padziko pano ife osamva?

Titenge The Lion King, poti ndi yomwe aliyense amaidziwa, komanso ndi yomwe imadzinenera kuti ikukamba za Africa.

Pokonzekera katuni yoyamba ija ya 1994, ena mwa amisiri ake adapita ku Kenya kukaona tchire ndi maso awo. Mikango yamoyo idabweretsedwa ku situdiyo kuti ojambula aiyang'anitsitse momwe imayendera ndi momwe imayasamulira. Koma ataiyang'ana, sadakopere. Adanama, ndipo bodza limenelo ndiye luso lawo. Andreas Deja, amene adajambula Scar, adaba nkhope ya Jeremy Irons, mwini mawu a mkango woipawo, n'kuiika pa chilombo. N'chifukwa chake Scar uja amakweza nsidze imodzi, amapinda mlomo monyoza, amayang'ana cham'mbali. Asanayankhule, mwana wa zaka zisanu wadziwa kale kuti malume awa sitigona nawo nyumba imodzi.

Mkango weniweni sukweza nsidze. Suseka, sulira misozi, suchita manyazi.

Tsono mu 2019 mabwana adati tipange mikango yooneka yeniyeni, tsitsi lililonse pamalo pake. Adawononga ndalama pafupifupi $250 miliyoni. Ndipo zidatheka: mikango ija ukaiona pa chithunzi ungalumbire kuti adaijambula ku Serengeti. Vuto limayamba ikatsegula pakamwa.

Taonani pomwe Mufasa wafa, nyumbu zitamupondaponda m'chigwa muja. Mu katuni yakale, kamwana kake Simba makutu agwa, maso atuluka, misozi ili chuchuchu, kakukankha bambo ake kuti adzuke. Akuluakulu a ndevu zawo adalira m'nyumba zoonetsera mafilimu. Mu filimu yatsopanoyi mawu a mwana wosewerayo akulira ndithu, akuyesetsa mwana wa eni ake, koma nkhope ya mkango ili phee, ngati palibe chachitika. Khutu likumva maliro, diso likuona pulogalamu ya zanyama.

Madola mamiliyoni onse aja, kugulira nkhope yosatha kulira!

Ndiye amatiuza kuti iyi si katuni ayi, ndi filimu yeniyeni. Yeniyeni pati? Jon Favreau, amene adaitsogolera, adaulula yekha kuti mu filimu yonseyo muli chithunzi chimodzi chokha chomwe chidajambulidwa ndi kamera ku Africa, cha kutuluka kwa dzuwa koyambirira kuja. Zina zonse ndi za pa kompyuta. Ndi katuni ndithu, koma katuni yochita manyazi ndi mtundu wake. Mabwanawa m'mitima mwawo amaona ngati kujambula ndi dzanja ndi masanje a ana, ndipo kuti chinthu chikhale cha akuluakulu chiyenera kuoneka ngati chithunzi cha pa chiphaso.

Katuni ya 1994 imatha mphindi 88. Yatsopanoyi ndi mphindi 118. Nkhani ndi yomweyo, mawu ambiri ndi omwewo, James Earl Jones adamuitananso kuti adzabwereze zomwe adanena zaka 25 m'mbuyomo. Nanga theka la ola lowonjezerali adaikamo chiyani? Ndikuuzani chimodzi. Kaubweya ka Simba kathothoka, kauluka ndi mphepo, mbalame yakatola, nyamalikiti wakadya pamodzi ndi masamba, kakatulukira kumbuyo, chikumbu chagubuduza ndoweyo, nyerere yanyamula kaubweyako mpaka kwa Rafiki. Inde, anthu ophunzira adakhala pansi, miyezi ikupita, kukongoletsa ndowe ya nyamalikiti. Koma nyimbo yachikondi ija, yomwe mutu wake womwe ukunena za usiku, Simba ndi Nala akuyimba dzuwa lili pamutu. Palibe bwana ngakhale mmodzi adadzutsa dzanja kufunsa.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nthabwala, chifukwa ndi zomwe zimayamba kufa.

Nthabwala zimakhala pankhope ndi m'thupi. Ife amene tidakula tikuonera Izeki ndi Jakobo sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi: Izeki ankangoti kuyang'ana mnzakeyo, asananene kanthu, holo yonse yagwa kale ndi phwete. Katuni imaposa pamenepo, chifukwa nkhope yojambula ilibe mafupa. Diso likhoza kukula kuposa mutu, chibwano chikhoza kugwa mpaka pansi. Mu katuni yakale, Timon akufuna kusocheretsa afisi, akutulukira atavala siketi ya udzu n'kuyamba kutyola chiuno, Pumbaa ali chigonere ndi chipatso kukamwa ngati nyama yowotcha. Kanyama kenikeni sikangavale siketi, ndiye mu 2019 adachotsa. M'malo mwake Timon akuyamba kuyimba nyimbo ya mu Beauty and the Beast, filimu ina ya kampani yomweyo. Pomwe padali nthabwala adaikapo malonda.

Kunena zoona, Billy Eichner ndi Seth Rogen, omwe adayankhulira Timon ndi Pumbaa atsopanowa, ndi okhawo amene akumveka kuti ali moyo mu filimuyo, chifukwa adaloledwa kupeka zina pomwepo. Koma mawu awo akudumpha, pomwe njiri ili pa kanemapo ikungotafuna.

Za Aladdin ndiye zomvetsa chisoni. Pofuna kukopa Robin Williams kuti avomere kuyankhulira Genie mu katuni ya 1992, wojambula Eric Goldberg adatenga nthabwala zomwe Williams adanenapo pa siteji n'kujambula chimzukwa chabuluu chija chikuzinena. Williams ataona adaseka, navomera. Ndiye kuti Genie adabadwa kuchokera m'kamwa mwa katswiri wa nthabwala ndi m'dzanja la mmisiri wa pensulo. Williams akasintha mawu kasanu pa mphindi imodzi, Goldberg ankasinthanso thupi la Genie kasanu. Williams adamwalira mu 2014. Patangotha zaka zisanu mabwana adapaka Will Smith utoto wabuluu wa pa kompyuta n'kumuuza kuti lowa m'menemo. Smith ndi katswiri payekha, ndipo pomwe adamulola kukhala iye mwini zidayenda. Koma ndani adamutuma kuvala malaya osokedwera munthu wina?

Ku Mulan ya 2020 sadavutike n'komwe. Mushu, kachinjoka kolongolola kaja komwe Eddie Murphy adakapatsa mawu mu 1998, adangokachotsa. Ati akufuna filimu yaulemu. Ulemu adaupezadi: palibe adaseka.

Taonani mayina awiriwa, Williams ndi Murphy. Onse adachokera pa siteji, munthu mmodzi ndi maikolofoni, kutsogolo kuli anthu oti akapanda kuseka wachita manyazi pomwepo. Ndipo matenda a mabwanawa afikanso kumeneko.

Masewero a nthabwala a ola limodzi aja, omwe amajambulidwa kuti aonetsedwe pa Netflix kapena HBO, ndi luso losabisa kanthu. Palibe kompyuta ingakupulumutse. Richard Pryor, mu sewero lake la 1979 lotchedwa Live in Concert, amasanduka galu, amasanduka pusi, amasanduka gwape wodzidzimuka akumwa madzi, kenaka amagwa pansi kusewera momwe mtima wake udamugwirira, iye yemweyo akuyankhulira mtimawo. Alibe chovala cha nyama, alibe ubweya. Koma gwape wa Pryor ali ndi mantha enieni kuposa nyama zonse za mu The Lion King ya 2019 kuziphatikiza pamodzi.

Nanga mabwana atalowerera adachita chiyani? Zomwe amadziwa: kugula dzina lomwe lagulitsidwapo kale. Mu 2016 zidamveka kuti Chris Rock alandira $40 miliyoni kuchokera ku Netflix pa masewero awiri, ndipo Dave Chappelle $60 miliyoni pa atatu. Mo'Nique, mayi amene ali ndi mphoto ya Oscar m'nyumba mwake, adamulonjeza $500,000, mpaka nkhaniyo idakafika kukhoti mu 2019. Nditapita ku South Africa mumtima, ndimakumbukira kuti Loyiso Gola, Tumi Morake, Riaad Moosa ndi Loyiso Madinga adapatsidwa theka la ola aliyense mu Comedians of the World, mumtolo umodzi ndi anzawo a mayiko ena. Daliso Chaponda wathu adatha zaka zoposa khumi akuseketsa anthu m'timalo ting'onoting'ono ku Canada ndi ku Britain, koma dziko lidamudziwa mu 2017 atakaima pamzere wa mpikisano wa Britain's Got Talent.

Munthu ukamupatsa mamiliyoni n'kumuuza kuti tikufuna sewero lina chaka chamawa, akambe chiyani? Sakweranso basi, saima pamzere kubanki, sakangananso ndi mwini nyumba. Chomwe watsala nacho ndi kutchuka kwake komanso anthu omwe adamunena pa intaneti. Ndiye timakhala ola lathunthu kumvera munthu wolemera, ataima pa siteji yoonedwa m'mayiko oposa 190, akudandaula kuti masiku ano salola munthu kuyankhula. Amutseka pakamwa ndani, poti maikolofoni ili m'manja mwake? The Closer ya Chappelle idachititsa kuti ena mwa ogwira ntchito ku Netflix atuluke m'maofesi mu Okutobala 2021 pokwiya ndi zomwe adanena. Mabwana sadagwedezeke. Mkangano ndi malonda aulere, ndipo kwa iwo munthu wokwiya ndi munthu woseka onse ndi nambala imodzi pa lipoti.

Ndikudziwa zomwe anditsutse nazo. Ati, nanga si anthu akulipira okha? The Lion King ya 2019 idapeza ndalama zoposa $1.6 biliyoni. Beauty and the Beast, Aladdin ndi Lilo & Stitch iliyonse idadutsa biliyoni. Iwe wolemba ndiwe yani kuti utsutsane ndi anthu onsewo?

Chabwino. Koma anthuwo adalipira chiyani? Bambo amene adaonera Simba ali mwana mu 1994, mu 2019 adali ndi ana ake. Adagula matikiti kuti akawaonetse chomwe chidamuliritsa iye. Adalipira ntchito ya omwe adapanga katuni yoyamba ija, Roger Allers, Rob Minkoff, Deja ndi anzawo, yomwe idachitika kalekale. Tikiti imagulidwa filimu usanaione. Funso labwino n'lakuti: mwana akafuna kubwereza kachitatu, kachinayi, amapempha iti? Ndipo pakadzatha zaka 25, ndani adzalipire kuti akakumbukire ndowe ya nyamalikiti?

Komanso amene adakhalapo m'mavidiyo sho a m'makwalala mwathu amadziwa chinsinsi china. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja, akafika pomwe filimu yazizira, amathiramo nthabwala zawo, ndipo benchi yonse imagwedezeka. Mnyamata wa maikolofoni imodzi akubwezeretsa chomwe kampani ya mabiliyoni idachotsa.

Ena ati, koma filimu yatsopanoyi idalemekeza Africa. Muli John Kani wa ku South Africa, muli Florence Kasumba wobadwira ku Uganda, muli Chiwetel Ejiofor, amene chaka chomwecho adatipatsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Muli Lebo M, mwini mawu otsegulira filimu aja.

Ndi zoona, ndipo ndi akatswiri. Koma mawu awo adawatsekera m'nkhope zosayenda, ndipo Africa wa mu filimuyo akadali yemwe uja: dzuwa, udzu, nyama, munthu osaoneka ngakhale mmodzi. Ngati ndi ulemu, tikambe za Solomon Linda. Mzulu ameneyu adajambulitsa nyimbo ya Mbube ku Johannesburg mu 1939, n'kupatsidwa masheleni khumi. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasinthidwa dzina kukhala The Lion Sleeps Tonight, idalemeretsa anthu omwe sadamuonepo. Iye adamwalira ali mmphawi mu 1962. Timon ndi Pumbaa adaiyimba mu 1994, ndipo zidatengera mlandu wa kukhoti, womwe udayamba mu 2004 n'kutha ndi mgwirizano mu 2006, kuti ana ake alawepo kanthu. Mu 2019 nyimbo ija idabweranso, yotalikirapo kuposa kale. Kubwereza amakudziwa bwino mabwanawa. Kulipira ndiye mpaka woweruza awakumbutse.

Ngakhale anthu awo omwe sawasamala. Terry Rossio, mmodzi mwa omwe adalemba Aladdin ya 1992, adadandaula poyera kuti pa filimu yobwerezayo, yomwe idagwiritsa ntchito zomwe iye ndi anzake adapeka, sadalandire kalikonse. Kampani ya MPC, yomwe amisiri ake adaluka ubweya wonse uja pa kompyuta, idatseka nthambi yake ya ku Vancouver mu Disembala 2019, chaka chomwecho cha $1.6 biliyoni. Mu Febuluwale 2025, patangotha miyezi iwiri chitulukireni Mufasa: The Lion King, kampani ya Technicolor yomwe idali mwini wa MPC idagwa, anthu ambirimbiri n'kutsala opanda ntchito. Mikango ili moyo, oipanga ali pa ulova.

Wina asandimve molakwa kuti ndikudana ndi kutenga nkhani yakale n'kuipanganso. Nthano iliyonse imakhala ndi moyo chifukwa chobwerezedwa, ndipo The Lion King yomweyo idabwereka mafupa ake kwa Hamlet wa Shakespeare. Koma wobwereza abwere ndi chake.

Julie Taymor adachita zimenezo mu 1997 potengera nkhani yomweyi pa siteji ya Broadway. Iye adadziwa kuti nkhope ya munthu ndiye chuma, ndiye chigoba cha mkango adachiika pamwamba pa mutu wa wosewera, osati kumaso. Woonera amaona chilombo ndi munthu nthawi imodzi. Rafiki adamusandutsa mayi, ndipo woyamba kusewera mbaliyo adali Tsidii Le Loka wa ku Lesotho. Nyimbo za Lebo M zidapatsidwa malo aakulu. Seweroli likuonetsedwabe mpaka lero.

Mu 2022 kudatuluka ma Pinocchio awiri. Wina adali wobwereza katuni ya 1940, ndipo waiwalika kale. Winayo adapanga Guillermo del Toro ndi zidole zosunthidwa pang'onopang'ono ndi manja, nkhani yake n'kuiika ku Italy wa nthawi ya Mussolini, komwe ana ankaphunzitsidwa kumvera osafunsa. Mwadzidzidzi kamnyamata kamtengo kosamvera kaja kadasanduka munthu yekhayo wa mutu wake m'dziko la zidole zamoyo. Adalandira nayo Oscar. Nkhani ndi ya 1883, koma del Toro adali ndi chonena.

Ndipo nkhani zatsopano zilipo, zikungosowa wozitsegulira chitseko. Malenga Mulendema wa ku Zambia adapeka Supa Team 4, atsikana anayi a sukulu omwe akupulumutsa mzinda wa Lusaka wam'tsogolo, ndipo idayamba kuonetsedwa pa Netflix mu Julaye 2023. Mwezi womwewo kudatuluka Kizazi Moto, timakatuni khumi ta amisiri a ku Zimbabwe, Uganda, Kenya, Nigeria, Egypt ndi South Africa. Kamodzi, Mukudzei, ka Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove, kamatengera mnyamata ku Great Zimbabwe yomwe sidalamulidwepo ndi atsamunda. Muli anthu, muli mizinda, muli nthabwala. Aliyense adapatsidwa mphindi khumi ndi pang'ono, pa kanema wa m'nyumba. Ubweya wa mkango udapatsidwa maola awiri m'nyumba zoonetsera mafilimu za dziko lonse. Kampani ya Kizazi Moto ndi ya The Lion King ndi imodzi yomweyo.

Ndiye musatiuze kuti ndalama palibe, mabwana inu. Musatiuze kuti anthu aluso palibe. Chomwe mulibe ndi chiwindi. Mumaopa kuti mukavomereza nkhani yatsopano n'kulephera, mpando uchoka, pomwe mukabwereza yakale n'kulephera, monga idachitira Snow White mu 2025, mudzaloza chala wosewera, kapena nyengo, kapena intaneti.

Ndipo nkhokwe yanu ikutha, mukudziwa inu nomwe. Mudayamba ndi makatuni a zaka 60 zapitazo, mudafika pa a zaka 25, pano mukupala pansi. Mu Epulo 2023 mudalengeza kuti Moana nayo muipanganso ndi anthu enieni. Moana, katuni ya kumapeto kwa 2016! Mwana amene adaionera ali Sitandade 1 adali asanalembe n'komwe mayeso a Sitandade 8.